Kaundula Mmodzi, Makompyuta Atatu

Ndinaganiza zochoka ku Kaseye chaka chimene chimanga chathu chinapserera ndi dzuwa. Ndinali nditangolemba mayeso a Fomu 4, ndipo msuweni wanga anandipezera malo ku Lilongwe, pashopu yokonza makompyuta. Amama anagulitsa mbuzi kuti ndipeze yokwerera basi.

Ndinakhalako zaka zitatu, ndikugona kuseri kwa shopu. Theka la malipiro ndinkatumiza kwathu pafoni. Anzanga ankaseka Chichewa changa, choncho ndinazolowera kungokhala chete n'kumayang'ana manja a abwana. Lamlungu ndinkabwereza mauthenga a mawu ochokera kwa amama, pongofuna kumva Chilambya, chilankhulo chathu. Kumeneko ndinaphunzira kukonza kaundula mmodzi woti anthu angapo azilembamo nthawi imodzi: fayilo ya mayina imakhala pakompyuta imodzi yosazimitsidwa, zinazo n'kumaifikira kudzera pawaya.

Ndinabwerera nditamva kuti gulu lina la alimi a khofi ku Misuku, kufupi ndi kwathu, lalandira makompyuta atatu ndipo likufuna wowalumikiza. Mayina a alimi ankafunika atumizidwe pofika Lachisanu masana, ndipo wosalembedwa sakanalandira mbande chaka chimenecho. Ndinkafunitsitsa anthu akwathu aone kuti sindinapite pachabe.

Lolemba ndinakoka mawaya, ndinayesa, makompyuta onse atatu anaonana bwinobwino. Koma fayiloyo ndinaiika pakompyuta ya a Msukwa, mlembi wamkulu, bambo wa imvi. Ndinkadziwa kuti ikanakhala bwino pa ya Tusekile, mtsikana amene sankachoka muofesi, koma ndinachita manyazi kudumpha wamkulu.

Lachiwiri alimi anafola panja. A Msukwa ankalemba ndi chala chimodzi, pamene Tusekile ndi mnzake Lusayo anangopinda manja. Nditawanong'oneza kuti ayambe, Tusekile anandiyang'ana modabwa.

"Adada ali m'buku. Tilowemo bwanji asanamalize?"

Ndinafotokoza kuti ili si buku la pepala loti lizidutsa kaye kwa wamkulu. Anavomera, ndipo analemba mayina awiri. A Msukwa atatsokomola, Tusekile anasiya.

Akamapita kukadya kapena kukapepesa maliro, a Msukwa ankazimitsa kompyuta yawo, n'kuiphimba ndi chitenje kuopa fumbi. Pomwepo zinazo zinkangoti fayilo sikupezeka. Lusayo anayesa kuthandiza pokopera fayiloyo pafulashi n'kumalemba payekha, ndiye tinakhala ndi makaundula awiri osagwirizana. Lachitatu lonse linathera kuwaphatikiza.

Kusamutsa fayiloyo kukananditengera mphindi zochepa. Kawiri konse ndinaima pakhomo pa a Msukwa mawu ali kukamwa. Iwo ankati, "Mwana wathu wa ku Lilongwe, zikuyenda?" Ine ndinkangoti, "Yewo, adada, zikuyenda."

Lachisanu masana tinatumiza amene tinawalemba. Panja panatsala mzere wa anthu amene anatsika phiri wapansi. Mayi wina wa mwana kumsana anandifunsa ngati dzina lake lalowa. Ndinamuuza kuti ayi. Sanakalipe, anangomanganso nsalu yake, n'kutembenuka.

Madzulo ake ndinawauza a Msukwa zonse, maso ali pansi. Iwo anati, "Ndiye bwanji sunanene Lolemba? Ine za makinawa ndizidziwira kuti? Ndimadikira iwe undiuze chochita."

Ku Lilongwe ndinkadandaula kuti palibe wondimvera. Kwathu kuno anali okonzeka kundimvera sabata yonse, ndipo mayi uja alibe mbande.