Katebulo ka Miyendo Itatu

Pakamwa pangapa ndi pomwe panandipalira moto, sindibisa ayi. Nthawi imeneyo ndinali nditangokwatiwa kumene, tikukhala ku malaini a esiteti ya tiyi cha ku Kapichi, nyumba ya chipinda chimodzi, khomo kuyang'anizana ndi khomo la mnzako. Amuna anga ankakhoma mabokosi olongedzamo tiyi kufakitale. Ine m'mawa uliwonse ndinkakwera chitunda kupita kunyumba ya bwana wamkulu, kukalera mwana ndi kupukuta fumbi.

Adona, akazi a bwanayo, atabwerako kutchuthi ku Ulaya anabweretsa buku la zithunzi za katundu wamakono wa m'nyumba. Munali nyale zooneka ngati bowa, makatani a mizeremizere, mipando yoti ukaiona umakayika ngati ingasenze munthu. Kuwerenga sindinkatha, koma maso ndinali nawo. Patsamba lina panali katebulo kakafupi, ka miyendo itatu yowonda yopendekera kunja, pamwamba pake popanda makona, pokhota ngati nyemba. Adona ankakaloza ndi chala n'kuusa moyo, ati ngakhale ku Limbe kulibe sitolo yogulitsa zotere. Ine mtima unangoti kumeneko.

Nditafika kunyumba ndinakajambula pansi ndi khala.

"Abambo, inu mumakhoma mabokosi tsiku ndi tsiku. Kakang'ono aka kangakukanikeni?"

Anayang'ana chojambulacho nthawi yaitali. "Kupanga ndingapange, amayi. Koma matabwa ndiwatenga kuti? Thabwa lililonse la kufakitale lili ndi zilembo za kampani. Akakugwira nalo, ntchito yatha, ndipo nyumba utuluke tsiku lomwelo."

Ankanena zoona. Ndipo ife tikanatuluka, kolowera kunalibe. Makolo athu anachokera kwa Apwitikizi atasenza mitolo pamutu, ndipo kuno tinalibe munda kapena mudzi woti n'kuutcha kwathu. Kanyumba ka kampani kaja ndiko kanali zonse. Ndinkazidziwa bwino zimenezi, koma kodi ndinamva? Ndinawaumiriza bambo aja m'mawa ndi masana. Ndinkati m'nyumba mwathu mwangoti mbee ngati m'khola la mbuzi, mphasa ndi mtsuko basi. Ndinafika ponena kuti ndinakwatiwa ndi mmisiri wa dzina lokha. Mawu amenewo anawalasa, ndinaona ndithu.

Anayamba kutola matabwa opyapyala a mabokosi osweka pamulu wokaotcha kuseri kwa fakitale, limodzilimodzi, atabisa m'malaya. Masabata atatu, tikaweruka kutchalitchi, ankatseka chitseko n'kumapala. Anaphatikiza matabwawo kuti alimbe, miyendo anasema ya bulugamu, kenaka anakapaka mafuta a nsatsi mpaka kunyezimira. Zilembo za kampani anazipala zonse, kupatula za kunsi, poti thabwalo likanabooka. Atakaimika pakati pa nyumba, mayo ine, kanaposa ka m'buku kaja! Ndinavina ndekhandekha, iwo akuseka.

"Kakhale kuseri kwa chitseko, mukafunditse nsalu," anatero. "Maso a anthu si abwino."

Nanga chinthu chokongola n'kuchibisa? Ndinakaika poonekera, ndinatsuka botolo n'kuikamo maluwa a m'mbali mwa msewu monga ankachitira adona. Kumpope ndinalephera kuugwira mtima. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Wanga unanditsata mpaka pakhomo. Amayi a mu laini monse anabwera kudzaona, ena kukasisita, ena kufunsa ngati sikagwa munthu akaikapo mbale. Akazi a kapitawo anabweranso, nati amuna anga awapangire kotere. Bambo aja anakana mwaulemu, poopa kubanso matabwa. Mayi aja anangoti "Chabwino," n'kutuluka osatsanzika.

Sipanathe sabata. Loweruka masana anthu ataweruka, kapitawo anafika ndi mlonda wa kufakitale. Sanafunse zambiri. Mlonda anachotsa botolo langa, n'kukatembenuza katebuloko miyendo m'mwamba, zilembo zija poyera. Anakasenza pamutu, ife m'mbuyo, laini yonse itaima m'makomo. Amuna anga anavula chipewa akali kutali ndi nyumba ya bwana. Ine njira yonse ndinkangoganiza za mphasa ndi mtsuko, kuti tikazisenzera kuti.

Bwana anatuluka pakhonde atafiira ndi ukali. Anakalipa Chizungu, kapitawo akumasulira kuti wakuba alibe malo pa esiteti, dzuwa lisanalowe nyumba ikhale yopanda munthu. Phokosolo linatulutsa adona. Atangokaona katebuloko anaomba m'manja, nathamangira m'nyumba, n'kubwera ndi buku lija. Anakazungulira, kukagwedeza, kuyerekeza ndi chithunzi. Analankhula ndi amuna awo kwa kanthawi, ife titangoima padzuwa.

Kenaka kapitawo anamasulira, nkhope itagwa, kuti popeza matabwa ndi a kampani, katebulonso ndi ka kampani, katsala pomwepo. Mmisiri sachotsedwa ntchito, koma apange tina tiwiri ta alendo a adona.

Amuna anga anagwada pamiyala ya pabwalo paja, munthu wamkulu ndi ndevu zake, n'kumaomba m'manja. "Zikomo bwana, zikomo kwambiri." Kuthokoza munthu amene wakulanda chinthu cha manja ako! Ndinali ndisanawaonepo atagwadira munthu. Manyazi anandigwira, chifukwa amene anawagwaditsa sanali bwana kapena kapitawo. Ndinali ine.

Tinatsika chitunda. Titalowa m'nyumba amuna anga anayang'ana pamene katebulo kankakhala paja, nati, "Nyumba yatsala, amayi. Tithokoze." Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Tina tiwiri tija anapanga, alendo a adona akuti anatama timatebuloto kwabasi. Koma m'nyumba mwathu sanapangenso kanthu mpaka imfa yawo, ngakhale mthiko. Kampando kamene tinadzagula pambuyo pake katathyoka mwendo, tinachirikiza ndi njerwa. Ndinayesa kupepesa kangapo, iwo ankangoti, "Zinatha zija."

Lolemba m'mawa ndinakapeza katebulo kanga pabalaza pa adona, pansi pa zenera, atakaikapo nyale. Banga lozungulira la botolo langa linkaonekabe pang'ono pambali. Adona anandipatsa kansalu kofewa, nandiuza m'Chinyanja chawo chothyokathyoka: "Pukuta pang'onopang'ono. Iwe sudziwa zinthu izi."

Ndinati, "Inde, dona." Ndinakapukuta m'mawa uliwonse zaka zisanu ndi chimodzi, pang'onopang'ono monga anandiuzira.