Nkhungu ya ku Skye ndi Maulendo Athu Osatsanzika

Lachiwiri lapitali, dzuwa lili paliwombo, ndinali chogwada paphiri lina la pachilumba cha Skye ku Scotland, ndikupapasa udzu ndi manja ngati wakhungu. Ndimaopa kuimirira chifukwa sindimadziwa kuti phompho layambira pati.

Mwina mukufunsa kuti namwino wa pachipatala cha New Cross, mayi wa ana atatu, amakatani kumeneko. Inenso ndadzifunsa.

Nkhani idayamba ndi Nelia, mtsikana wa ku Chipata amene timapemphera naye ku Bilston. Adabwera chaka chatha pa viza ya ntchito yosamalira okalamba, imene ili m'manja mwa siponsa, bwana amene adamulemba ntchito. Chibwerere, England amene amamudziwa ndi wa pawindo la basi: kunyumba, kushifiti, kutchalitchi, basi. Atandionetsa zithunzi za Skye pafoni n'kunena kuti, "Asisi, nifunako kuona malo aya nisanakalambe," ndidamva chisoni. Tonse tinali ndi ma ofu, ndiye tidabuka chipinda n'kuliyatsa galimoto, tsiku lathunthu pamsewu.

Kukongola kwake sindinganame. Mapiri akuda, osongoka ngati mano a sowo, mathithi akugwera m'nyanja yamchere, nkhosa zili mbuu m'zitunda zopanda mtengo ndi umodzi womwe.

Mwini nyumba imene tidagona, bambo wina wa ndevu zofiira woweta nkhosa, adatiuza za mudzi wakale umene uli kuseri kwa phiri. Adati eni malo adathamangitsa anthu ake kalekale kuti awetepo nkhosa, ndipo ambiri adakwezedwa zombo osabwereranso. Adatiuzanso, akuseka, za kavalo wa m'madzi wa m'nthano zawo. Amaima pambali pa dziwe, wofatsa, wokongola. Ukangomukwera, manja amakanirira pamsana pake, iye n'kumira nawe.

Kenako adasiya kuseka. "Mulowera kuti lero, ndipo mubwera nthawi yanji?"

"Pafupi pompano," ndidayankha, mwachimalawi. Ulendo sauza munthu, si choncho?

Mabwinja aja tidawapeza titayenda maola awiri. Makoma a miyala ofika m'chiuno, makomo opanda zitseko, malo amene panali moto patamera udzu. Kunali zii. Nelia adaima pakhomo lina n'kunong'ona, "Apa panali munthu amene anali kuphika."

Titatembenuka kuti tizibwerera, phiri lidali litasowa.

Abale, nkhungu ya ku Dedza kapena ya ku Thyolo ndi mwana. Iyi idachokera kunyanja ngati khoma loyera, ndipo tisanamalize kumanga majekete tinali titalowa kale m'mimba mwake. Njira idazimirira. Tidayamba kuponda m'zithaphwi, madzi ozizira ngati a mufiriji akulowa m'nsapato zathu za mtauni. Kumanzere timamva mafunde akuwomba miyala, koma phokosolo limachokera pansi, pansi kwambiri.

Apo m'pamene Nelia adaterereka. Ndidangomva kuti thyo, kenako kukuwa.

Ndine namwino. Nditangogwira pakakolo ndidadziwa kuti fupa lapita. Ndidatulutsa foni: netiweki palibe.

"Ndikwere pamtundapa ndikaimbe 999," ndidatero.

Adandigwira mkono mwamphamvu. "Asisi, osaimba. Napapata, chonde. Akabwera apolisi azalemba dzina langa, siponsa azamva. Azati ndine wa mavuto. Viza yanga, asisi. Nizayenda chabe, nigwireni."

Mtsikana fupa litathyoka, ali pamphepete pa phompho, koma chimene akuopa ndi kalata ya kuofesi. Ndidamuuza kuti palibe lamulo limene waphwanya, kuti tsiku la ofu ndi lake. Sadandimve. Ndipo kunena zoona, nanenso ndidazengereza. Tidayesa kuyenda. Mapazi asanu okha, adagwanso.

Tidakhala pamenepo mwina ola lathunthu, ndikumukumbatira. Poyamba amanjenjemera mano akugundana. Kenako adasiya kunjenjemera, mawu n'kuyamba kukokeka ngati woledzera. Adati akumva tulo. Amene mudagwirako m'chipatala mukudziwa tanthauzo lake. Munthu wozizidwa akasiya kunjenjemera, sindiye kuti wafunda.

Ndidamuveka jekete langa, n'kumuuza kuti aziimba nyimbo ya kwaya osaleka, kuti ndidzathe kumupeza pobwerera. Ndidayamba kukwawa kukwera mtunda, foni ili kukamwa.

Patsogolo panga chinthu chidapuma mwamphamvu. Chachikulu, chotuwa, chitaima m'mbali mwa kadziwe. Ine, mayi wa Chigwirizano, wosakhulupirira nthano za azungu, ndidakumbukira kavalo uja n'kusiya kukwawa. Chinthucho chidakhosomola n'kuthawa. Inali nkhosa. Koma sindidaseke, chifukwa nthawi yomweyo ndidazindikira kuti nyimbo ya Nelia sindikuimvanso.

Pamwamba pa chitunda, kamzere kamodzi ka netiweki kadatulukira. Ndidaimba.

Mayi amene adayankha adandifunsa funso limene mpaka lero likundiluma: "Ndani akudziwa kumene muli?"

Palibe. Abambo a kunyumba amangodziwa kuti "tili ku Scotland," ngati kuti Scotland ndi sitolo ya ku Hanley. Anzake a Nelia okhala nawo nyumba amayesa ali ku ma shifiti ogonera komweko. Amayi ake ku Chipata sadauzidwe n'komwe, kuopa kuti achibale anganene kuti mwana wayamba matama.

Ndidatsika motsetsereka ndi matako, ndikuitana dzina lake, mpaka ndidamva kubuula. Adali moyo. Opulumutsa anthu m'mapiri adatipeza patapita maola ena awiri, akuliza mapinto m'nkhungumo. Anali anthu wamba a pachilumbapo, ongodzipereka. Adamukulunga, kumuika pamachira, n'kumunyamula. Palibe adafunsa za viza. Mmodzi adandionetsa pamene ndidakwawa: mikono itatu yokha kuchoka pamene nthaka imathera.

Tsono tiyeni tikambirane, a kwathu.

Khalidwe ili tidabwera nalo m'masutikesi. Ambiri a ife tidanyamuka kumudzi osatsanzika, anansi n'kungomva kuti uje ali kunja, poopa kuti wakaduka angatchinge ulendo. Tafika kuno, mantha aja tangowasinthira dzina. Dzulo timaopa mfiti, lero tikuopa siponsa, manijala ndi gulu la pafoni la kutchalitchi. Munthu akudwala, sanena. Akuzunzidwa kuntchito, sanena. Wasamuka ku Bilston kupita ku Stoke, tikumva patatha miyezi.

Sindikunena kuti mantha a Nelia ndi opanda pake. Amene viza yake ili m'manja mwa bwana mmodzi amagona ndi diso limodzi, ndipo ife amene tidakhazikika kale tisamaiwale msanga. Koma ndani adakhala naye pansi kumuuza kuti kuitana thandizo si mlandu? Ine, amene ndimakhala naye benchi imodzi Lamulungu lililonse, sindidamuuzepo. Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Nanga ngati tamuphunzitsa kuti kunja kwa chitsekocho kuli chilombo?

Nelia ali kunyumba kwanga tsopano, mwendo uli mu pulasitala, ana anga akumutumikira tiyi. Dzulo adaimbira amayi ake n'kuwauza zonse. Adalira onse awiri, kenako mayiwo adamukalipira mpaka foni kutentha.

Inu amene mukuwerenga muli pabasi yopita kushifiti, tayankhani mumtima: mutapanda kufika kunyumba lero, ndani angayambe kukufunani, ndipo angadziwe koyambira?