Mayi a Fotokope ndi Nsikidzi za pa Yunivesite

Nkhani 612 m'zaka khumi ndi chimodzi. Ndizo zatuluka pa Nsikidzi, tsamba la nthabwala la pa intaneti limene ophunzira a pa yunivesite amalemba okha, mobisa mayina. Pa nkhani zonsezo palibe ndi imodzi yomwe imene inatuluka isanawerengedwe mokweza pamaso pa Mayi a Fotokope.

Mayiwa sukulu sanapite nayo patali. Amuna awo anali dalaivala wa basi ya ogwira ntchito pa yunivesitepo, ndipo atamwalira, mayiwo anagula makina akale a fotokope n'kupempha kachipinda kuseri kwa laibulale. Kachipindako kanali ka mamita atatu m'litali, awiri m'lifupi: makina, shelefu ya mapepala, mpando umodzi, ndi sitepula yomangirira chingwe, poti masitepula a pa yunivesite amamera miyendo. Makina amenewo ndiwo anaphunzitsa ana awo atatu.

Tsiku lina kunabwera mnyamata wophunzira zamalamulo, wamtali ngati mlongoti, ndipo anzake ankamutchula Mlongoti yemweyo. Anafuna makope makumi awiri a pepala lolemba pamanja. Makina akutentha, mayiwo anaponya diso papepalapo. Inali kalata yochokera kwa nsikidzi za m'nyumba yogona anyamata, kupita kwa mkulu wa yunivesite. Nsikidzizo zinkapempha madigiri, zikuti zakhala pasukulupo zaka zinayi osajomba, ndipo zalawa ophunzira a maphunziro onse. Mayiwo anaseka mpaka kukhala pansi pa katoni ya mapepala.

"Iwe mwana, wadya chiyani lero?"

"Sindinadye, mayi. Ndine ndadyedwa."

Mlongoti anamata mapepala makumi awiriwo m'makoma. Pofika masana, alonda anali atamatula khumi ndi asanu ndi awiri. Mnzake wina, mtsikana wophunzira zamakompyuta wotchedwa Kamagalasi, ndiye anati nkhanizi aziziika pa intaneti, kumene zikhadabo za alonda sizifika. Sabata yoyamba anawerenga anthu makumi anayi. Pakutha pa chaka anali 3,000, pasukulu ya ophunzira 5,000. Werengani nokha: pa asanu alionse, atatu.

Lamulo lowerengera mayiwo linakhwima m'chaka chachiwiri. Anyamata anabwera ndi nkhani yoseka mtsikana wina amene ankavala diresi limodzimodzi sabata yonse. Iwo ankagwira nthiti akuwerenga, koma mayiwo sanaseke, anangowabwezera pepala.

"Sekani amene ali ndi ofesi ndi galimoto, amenewo mawa adzukabe. Uyu mukamuseka, mawa sabwera m'kalasi."

Kuyambira pamenepo, nkhani yosawaseketsa sinkatuluka. Zokanidwa akuti zikupitirira mazana awiri. Ndipo chaka chilichonse, mkonzi wa tsambali akamamaliza maphunziro, amabweretsa wolowa m'malo mwake kudzamuonetsa kwa mayiwo. Akonzi khumi ndi mmodzi, onse amawadziwa nkhope, dzina ngakhalenso kalembedwe.

Vuto la Mayi a Fotokope linali limodzi: kuseka kwawo kunalibe chivindikiro. Akaseka, nkhunda za padenga la laibulale zinkauluka. Ndipo kutsidya kwa bwalo kunali zenera la ofesi ya bwana watsopano woyang'anira ophunzira.

Bwanayo anali atamangitsa geti lalikulu, lopenta bwino, lotsegulidwa ndi riboni ndi malankhulidwe atatu. Kenako analitseka ndi loko kuti lisathe msanga, ndipo ophunzira anapitiriza kudutsa pachibowo cha mpanda. Nsikidzi inatulutsa nkhani yocheza ndi getilo, likudandaula kusungulumwa, likuti chibadwire silinaonepo munthu koma wojambula zithunzi. Nkhaniyo inawerengedwa ka 9,000. Bwanayo inamukhala pakhosi.

Sekilitale wake ndiye anazindikira chinthu: mayi aja akaseka m'mawa, madzulo nkhani yatsopano yatuluka. Anaonetsetsa masabata atatu, zinagwirizana katatu. Kalata inafika kukachipinda kuja: pofika Lachisanu atchule dzina la mkonzi, apo ayi achoke pamalopo pakutha pa mwezi.

Mkonzi wa chaka chimenecho anali mtsikana wofatsa wophunzira zaulimi, amene anzake ankamutchula Achete. Anali atatsala ndi miyezi inayi kuti amalize, woyamba kwawo kufika ku yunivesite. Anabwera Lachitatu maso ali ofiira.

"Mayi, ndikadzipereka ndekha. Simungataye malo chifukwa cha ine."

"Khala apo, ugwire mapepala awa. Akakuchotsa sukulu, ukawauza chiyani amako? Kuti geti linakulankhulitsa?"

"Nanga inu?"

"Makina anga ali ndi matayala, mwanawe. Digiri yako ili ndi matayala?"

Achete anafuna kuseka ndi kulira nthawi imodzi, zonse zinakanika.

Lachisanu mayiwo anavala bulauzi yawo yoyera n'kukwera masitepe a ofesi. Ankadziwa kuti malo ngati aja, pakati pa laibulale ndi makalasi, sapezeka kawiri. Bwanayo sanawapatse mpando.

"Mkonziyo mumamudziwa?"

"Ndimamudziwa, bwana."

"Ndani?"

"Pamenepo ndiye mundikhululukire. Ana amenewa amandiwerengera poti amandikhulupirira."

"Ndiye inu, munthu wamkulu, nkhani yopusa ija inakuseketsani?"

Mayiwo anayesa kuyang'ana pansi. Anayesa kuganiza za maliro. Koma anakumbukira geti lija likuti silinaonepo munthu koma wojambula zithunzi, ndipo phwete! Kuseka kunatuluka konse, muofesi ya mwini geti. Sekilitale anabisa nkhope m'faelo. Mlandu unathera pomwepo, malo nawo anathera pomwepo.

Tsiku losamuka kunabwera ophunzira oposa makumi atatu, ena oti sanalembepo nthabwala chibadwire. Poti geti linali lokhoma, makinawo anadutsa pachibowo cha mpanda, anyamata asanu ndi mmodzi akunyamula, Achete akutsogolera ndi sitepula m'manja. Anakawatula kutsidya kwa msewu, pakhonde la alamu awo a mayiwo, amene amameta anthu tsitsi.

"Alamu, mwandibweretsera gulu lonseli, likumeta?" anafunsa wometayo.

"Taonani mitu yawo, alamu. Ntchito ya mwezi wathunthu imeneyi."

Tsopano manambala, poti ndiwo sanama. Kuseri kwa laibulale makinawo ankatulutsa masamba 900 patsiku. Sabata yoyamba pakhondepo anatsika kufika 300, ndipo mayiwo anaonda pang'ono. Sabata yachitatu anafika 700. Ophunzira anazolowera kuwoloka msewu, komanso kunabwera anthu amene kale sakanatha kulowa mumpanda: ofuna ntchito ndi makalata awo, amayi a kukiliniki, aphunzitsi a sukulu ya pulaimale yapafupi. Mwezi uno masiku awiri apitirira 1,000. Achete analemba mayeso ake omaliza, ndipo wabweretsa kale womulowa m'malo, mnyamata wachibwibwi amene polemba sachita chibwibwi m'pang'ono pomwe.

Mayiwo sanena kuti zinawayendera bwino kuchotsedwa. Pakhonde pamalowa fumbi, makina amatsamwa kawirikawiri, ndipo tsitsi la alamu awo limapezeka mpaka m'mapepala. Koma aona kuti mwezi wa mayeso otsatira watsala masabata asanu ndi limodzi, ndipo nthawi imeneyo makina amodzi sakwanira. Lolemba apita kukaona makina achiwiri, otulutsa zamitundu, amene munthu wina akugulitsa m'tauni. Akachokera kumeneko akakumana ndi kalipentala, kuti atchinge mbali ya khondelo ndi matabwa mvula isanayambe.