Chitsulo Chimene Toshiharu Anakana Kugwira

Zinayamba m'chaka cha 1998, masamba a mitengo atafiira n'kuyamba kuthothoka. Loweruka pa 21 Novembala, m'nyumba ya masewera a pa makina ya kunsi kwa njanji kuno ku Osaka anabweretsamo makina ovinira. Mlongo wanga wamng'ono, Toshiharu, anali ndi zaka 52 ndipo ankagawa makalata pa njinga. Tsiku limenelo analowamo pothawa mvula, koma anatulukamo malaya atanyowa ndi thukuta.

Makinawo anali ndi malo anayi opondapo, aliwonse ndi muvi wake. Nyimbo ikayamba, mivi inkakwera pa galasi la kutsogolo, ndipo wovina ankayenera kuponda pa nthawi imene muvi wafika pamwamba. Akaphonya kangapo, nyimbo inkadukira panjira anthu onse akuona.

Kumbuyo kwa wovina kunali chitsulo chogwirira. Koma m'nyumba imeneyo kuchigwira kunali kochititsa manyazi. Ankachitcha ndodo ya nkhalamba. Toshiharu ndiye anali wamkulu pa ovina onse, ndipo kwa zaka zinayi sanachikhudze ngakhale ndi chala.

Mnzake wolimbana naye anali Mitsugu, woyendetsa takisi, munthu wa pakamwa.

"Madala, mwabwera? Mafupa mwatenga onse, kapena ena mwasiya kunyumba?"

"Iwe usamale mimbayo, ikumafika pa muvi phazi lisanafike."

Pa 14 Juni 2001 ndinamuperekeza kwa dokotala chifukwa ankamva chizungulire. Dokotala anati mtima ukugunda modumphadumpha. Kuvina sanamuletse, koma anati azisankha nyimbo zapang'onopang'ono, ndipo azigwira chitsulo. Toshiharu anawerama n'kuthokoza mwaulemu. Titatuluka anati, "Achemwali, dokotala uja sanavinepo."

Kuyambira pamenepo ndinkapita kukamuonerera masana a Lamulungu lililonse. Ndinkaima pambali, chikwama m'manja. Ena ankayang'ana mapazi ake, ine ndinkayang'ana milomo, imene inkatuwa nyimbo ikafika pakati. Nthawi zina dzanja lake lamanja linkapita lokha kumbuyo, n'kufufuza m'malere, kenako n'kubwerera.

"Achimwene, gwirani chitsulocho. Kodi chimaluma?"

"Chikadakhala choluma bwenzi ndikugwira."

Ndinamuvutitsa kwa chaka ndi miyezi inayi. Pa 3 Novembala 2002 anagonja. Anakwera, nyimbo inayamba, ndipo anagwira ndi manja onse awiri. Anavina bwino kuposa masiku onse, osaphonya muvi ndi umodzi womwe. Ine ndinadikira kuseka kwa anzake, nditakonzeka kuwayankha.

Palibe anaseka. Atatsika, Mitsugu anawerama, n'kumubweretsera mpando. Nthawi yovinanso itakwana, amene anali pa mzere anapatuka onse.

"Tsogolani inu, bambo," anatero Mitsugu. "Ife tidikira."

M'nyumba imeneyo munthu sankasiyira mnzake malo pa mzere, ngakhale atakhala bwana wake wa kuntchito. Toshiharu anatenga chipewa chake n'kutuluka. Pobwerera tinalowa modyera, koma supu yake inazizira osaikhudza.

"Wanditcha bambo," anatero. "Zaka zinayi wakhala akundinyoza bwinobwino. Lero wandiika m'manda ndikupuma."

Anakhala miyezi itatu osapitako. Ine ndinasangalala, ndipo ndikuvomera kuti ndinasangalala. Koma aneba a chipinda cha pansi pake anandiuza kuti m'mawa uliwonse ankamva mapazi pamwamba pawo, akugunda mofulumira popanda nyimbo.

Lamulungu pa 9 Febuluwale 2003 anandiimbira foni. "Achemwali, bwerani mudzaone." Ndinamupeza ali pa mzere, wachisanu ndi chimodzi, atakana kutsogozedwa. Nthawi yake itafika anasankha nyimbo yothamanga kuposa zonse, imene ngakhale Mitsugu ankaiopa. Anapinda manja pachifuwa kuti aliyense aone.

"Madala, mwapenga?" anakuwa Mitsugu.

Toshiharu anatembenuka n'kumwetulira, chifukwa dzina lake lakale linali litabwerera.

Mivi inakwera yothithikana. Anaponda yonse mpaka pakati pa nyimbo. Kenako mapazi anaima, mivi inapitirira kukwera yokha, ndipo anagwa cham'mbali manja akadali pachifuwa.

Kuchipatala anakhala masiku 21 osalankhula. Mitsugu ankabwera tsiku lililonse, n'kumamunyoza pafupi ndi khutu, misozi ili chuchuchu. Toshiharu anatisiya Lamulungu pa 2 Marichi 2003.