Thanthwe la pamwamba pa kasupe

Kumtunda kwa munda wanga, cha ku Ligowe, kunali thanthwe lalikulu. Pansi pake pankatumphuka kasupe. Bambo anga ankamwa pamenepo, ine ndinakulira madzi omwewo, ndipo manachesi anga ndinkathirira omwewo. Sankaphwa ngakhale mu Okutobala.

Paboma patayamba kumera nyumba za malata ndi masitolo, miyala inasanduka malonda. Kunabwera mkulu wina wa lole, wolankhula mokoma, kudzapempha kuti anthu ake aziswa thanthwelo. Ndinavomera pamaso pa mlamu wanga ndi akulu a mpingo awiri. Ndinkati mwala sudyedwa, ulekerenji.

Alendo atapita, mkazi wanga anandifunsa.

"Abambo, kodi mwafunsa kuti akaliswa ndi chiyani?"

"Ndi nyundo. Mumati ndi mano?"

"Ine ndangofunsa."

"Za miyala siyirani amuna."

Sindinkadziwa kuti thanthwe lotero nyundo yokha siilowa. Amayamba aliwotcha. Amaunjika nkhuni pamwamba, moto n'kuyaka tsiku lonse, kenaka amathira madzi ozizira, mwala n'kung'aluka. Apo m'pamene nyundo imayamba ntchito. Nkhunizo zinali mitengo yozungulira kasupe: misuku, mikuyu, ndi m'bawa umene bambo anga anausiya dala polambula munda. Madzi othirawo ankatunga pa kasupe yemweyo.

Nditapeza mkuyu woyamba uli pansi, ndinapita kwa kapitawo wa oswa miyala.

"Ndinakupatsani mwala, osati mitengo."

Sanaimirire n'komwe. "Madala, munthu akakupatsa mbuzi sakaniza chingwe. Kapena mukubweza mawu, eti?"

Anzake anaseka. Ndikanatha kuwathamangitsa tsiku lomwelo, munda unali wanga. Mlamu wanga anati tiitanenso akulu a mpingo aja, tinene kuti tinalakwitsa. Ndinakana. Kwathu mwamuna akalankhula pamaso pa mboni sameza mawu ake, ndipo ine anthu ankandidziwa choncho kuyambira unyamata. Panalinso china chimene sindinauze mlamuyo. Kubweza mawu kunali kuvomera kuti mkazi wanga anafunsa zanzeru.

Anaswa chilimwe chonse, n'kubwereza chotsatira. Utsi unkaoneka kuchokera kumsewu. Amayi ena a m'gululo ankakhala padzuwa, zala atazikulunga nsanza, kugogoda miyala kuti ichepe, fumbi n'kumakwirira masamba a manachesi. Mitengo yapafupi itatha, oswa miyala aja anakwera phiri kukadula ina. Ine ndinkadutsa ndi khasu paphewa, osayang'ana.

Mvula itagwa yamphamvu, madzi anatsika popanda chowagwira. Anabwera ndi dothi lofiira, makala ndi zidutswa za miyala. Anakwirira kasupe, nang'amba chigwembe pakati pa munda. Ndinafukula ndekha masiku ambiri. Ndinapeza matope onunkha phulusa. Timadzi tinabwerera pang'ono, koma mvula itatha tinaphwa, ndipo sitinaonekenso. Oswa miyala anali atasamukira kale phiri lina. Sanatsanzike.

Manachesi anauma umodziumodzi. Ndinawadula ndi dzanja langa, tinasonkhera moto.

Mkazi wanga anayamba kutsikira ku mjigo wa kumunsi, njira yoterera, iye maondo ali otupa. Sananenepo kuti "ndinanena". Ndikanakonda akananena, ndikanamuyankha. Tsiku lina anagwa ndi ndowa pamutu, nathyoka mchiuno. Ndinamunyamula mpaka kuchipatala paboma. Ndili kumeneko ndinaona maziko a nyumba zatsopano, ndipo mwala wanga ndinauzindikira ndi mawanga ake akuda.

Iye sayendanso mtunda. Madzi ndimatunga ndine, zigubu ziwiri panjinga, kukankha chokwera. Pamjigo ndimaima pamzere ndi amayi. Ena amandisunthira kuti ndiyambe, popeza ndine wamkulu. Ndimakana, ndimadikira nthawi yanga.

Dzana, ndikutsitsa zigubu pakhonde, mkazi wanga anafunsa ngati pathanthwe paja pamera kanthu. Ndinati pamera udzu. Ndinanama. Sipanamere chilichonse.