Tsamba Limodzi pa Tsiku la Msika

Tsamba loyamba ndinalipeza litakulunga zitumbuwa. Chinali chaka chimene mayi akunyumba anamwalira, ana onse ali kutali, ine nditatsala ndi makina anga osokera pakhonde la sitolo pa Nathenje. Nditatha kudya ndinayang'ana pepala lamafutalo, ndipo ndinaona ngamila zitatu zitandondozana m'chipululu, zojambulidwa ndi timizere tating'ono ngati ulusi. Ndinapita nalo kunyumba, ndinaliika pakati pa nsalu ziwiri n'kulisita ndi simbi yamakala. Mafuta analowa m'nsalu, ngamila zinatsala.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka munthu wotola mapepala. Anthu ankati telala uja mutu wayamba kuzungulira. Pakamwa mpawo. Koma masamba a mabuku akalekale ofotokoza za maiko sapezeka wamba. Ndinkasuzumira m'manja mwa aliyense wogula usipa kapena mtedza, n'kumangopeza manyuzipepala ndi mayeso a ana asukulu.

Tsiku lina la msika ndinapalasa njinga mpaka ku Mitundu kukasankha kaunjika woti ndizikonza. Kuseri kwa ogulitsa matimati ndinaona mkulu wina atakhala panjerwa, akung'amba pepala lachikasu kuti apichire chingambwe, fodya uja wosuta anthu akumunda. Papepalapo panali chombo chamatanga, theka lake litapsa kale. Mtima unandipweteka.

"Madala, mukuwotcha chiyani pamenepo?" ndinakalipa.

"Ndikuwotcha fodya wanga, achimwene. Wanu ndi uti?"

Anali tenanti wa pa esiteti ina yapafupi, kwawo ku Phalombe, nayenso mkazi wake anatsogola kalekale. Buku limene ankang'ambamo mapepalawo analipeza kudenga la nyumba yakale ya pa esitetipo pamene ankakhoma malata. Linalibe chikuto, koma anati pepala lake n'lopyapyala, limayaka bwino, silikanda pakhosi. Ndinamuuza kuti ndimubweretsera makope atsopano oti azipichira, iye andipatse bukulo.

"Bweretsani kope, ndikupatsani tsamba limodzi," anatero. "Lina mudzatenga sabata yamawa."

"Bwanji osandipatsa lonse?"

"Nanga inu mukuthamangira kuti, atelala?"

Njira yonse yobwerera ndinkamunena chamumtima kuti ndi nkhalamba yaumbombo. Koma sabata yotsatira ndinapopa matayala m'mawa.

Ankandisungira njerwa yanga. Ndikakhala, ankapisa m'jekete n'kutulutsa tsamba limodzi lopinda pakati, kenaka mkangano unkayamba. Iye Chizungu sankachidziwa, ine changa ndi cha patepi yoyezera chiuno, ndiye mawu apansi pa zithunzi sankatisokoneza. Titaona anthu ovala zikopa ataima pamadzi oundana, anapukusa mutu nati, "Awa ndiye fodya wawo amauma bwanji?" Titaona phiri lofuka utsi, iye anati kuli osaka mbewa, ine ndinati ndi moto wapansi pa nthaka, ndipo tinasiyana tsiku limenelo osatsanzikana. Sabata inayo njerwa yanga inalipo ndithu.

Madzulo ndinkasita tsambalo n'kuliika m'sutikesi ya malemu mkazi wanga, pamwamba pa zitenje zake. Masiku ena onse ndinkangolankhula za mabatani ndi zigamba. Ndinali wosungulumwa kwambiri, ndipo munthu amene ankandidikira padziko lonse anali mmodzi yekhayo. Za buku lonse zija sindinazitchulenso. Mantha anga anali oti masamba adzatha. Ndikamufunsa kuti atsala ambiri kapena ayi, ankangoti, "Alipo."

Fodya atatha kugulitsidwa, mphepo yozizira ija ili pakati, ndinafika ku Mitundu n'kupeza njerwa zonse ziwiri zopanda munthu. Mayi wina wogulitsa matimati, amene ankatiseka tikamakangana, anandikodola.

"Agogo aja apita kwawo dzana, lole ya pa esiteti yawatenga pamodzi ndi anzawo," anatero. "Akuti mphamvu zatha, chaka chamawa sabweranso. Anati ndikupatseni ichi."

Anandipatsa jumbo yomanga ndi luzi. Munali buku lonse lotsala, lochindikala kuposa mmene ndinkaganizira. Likanatikwanira zaka.

"Sananene china?"

"Anangoti muwauze atelala asathamange nalo."

Ndinakwiya, sindibisa. Munthu wamkulu amachoka bwanji osatsanzika? Dzina la mudzi wake sindinkalidziwa, foni analibe, ndipo m'miyezi yonse ija sitinafunsane zimenezo chifukwa tinali otanganidwa ndi maiko a eni. Chimene ndinapempha tsiku loyamba ndinali nacho tsopano pakaliyala, koma njinga inalemera ngati ndanyamula thumba la chimanga.

Bukulo sindinalitsegule lonse mpaka lero. Tsiku la msika wa ku Mitundu likafika, ndimamasula jumbo ija, ndimachotsa tsamba limodzi lapamwamba, n'kumanganso luzi. Sabata yatha kunatuluka mzinda wa nyumba zazitali zoima m'madzi, anthu akupalasa mabwato pakhomo penipeni. Ndinatembenuka kuti ndifunse ngati amenewa amalima, koma pambali panga panali makina osokera okha.