Mayi Igarashi ndi Kasupuni ka Mkuwa

Mayi Igarashi Tokie anabadwira m'mudzi wa alimi a mpunga ku Yamagata, kumene chipale chofewa chimatseka makomo mpaka mwezi wa Malichi. Sukulu sanapite nayo patali. Amuna awo atamwalira anatsikira mumzinda, napeza ntchito yotsuka mabotolo mu labotale ya payunivesite ina. Aima pa sinki imodzimodziyo zaka makumi awiri ndi zitatu, koma ntchitoyo ndi yosainira chaka ndi chaka. Malichi akafika, mwini labotale, Pulofesa Kuribayashi, ndi amene amanena ngati mayiwa abwerenso kapena ayi.

Zochitika m'menemo amazidziwa mwa kumva ndi kuona. Ulusi wa DNA uli ndi zilembo zogwirana ziwiriziwiri. Anthu a mu labotaleyo amapanga zilembo zawozawo n'kuzilowetsa mu ulusiwo, ndipo zimenezi sizigwirana pokhapokha kanjere ka mkuwa wosungunuka m'madzi katakhala pakati pawo. Mkuwa ukalowa, ulusi umapindika n'kuyamba kudula ulusi wina ngati lumo. Ukapanda kulowa, ulusi umangogona. Choncho udindo wa Mayi Igarashi unali woti mkuwa usapezeke m'botolo asanauitane. Botolo lililonse ankaliviika mu asidi tsiku lathunthu, n'kulitsukuluza kasanu ndi madzi osefa.

Chaka china mvula ya mu Juni inagwa masabata atatu osakata. Achule ankalira m'minda, mapepala a pakhoma anapindika ndi chinyezi. Pamenepo ulusi wa Dokotala Nagasaka, mtsikana wofufuza amene anathera zaka ziwiri pa ntchito imeneyi, unayamba kudula wokha, mkuwa asanauthire. Anabwereza kanayi, zinthu zili chimodzimodzi.

Pamsonkhano wa onse a Pulofesa sanatchule dzina la munthu. Anangoti mkuwa sugwa ndi mvula, kuti mabotolo onse amadutsa m'manja amodzi, ndi kuti manja nawonso amakalamba. Anati alingalira bwino Malichi asanafike. Aliyense anayang'ana pansi. Mayi Igarashi anali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zinayi, ndipo nyumba ya kumudzi inali itagwa kalekale.

Komatu iwo ankadziwa kumene mkuwa ukuchokera. Lolemba lililonse m'mawa a Pulofesa ankavula jekete, n'kuyeza okha mchere wosungunulira m'madzi amene onse amagwiritsa ntchito. Ankati mphunzitsi wosiya kugwira ndi manja ake ndiye kuti wapuma kale. Mcherewo ankautapa ndi kasupuni kachikasu kamene anawasiyira malemu mphunzitsi wawo. Palibe wina ankakakhudza. Ankakapukuta okha ndi mpango n'kukabwezera m'kabokosi. M'miyezi youma mchere unkangotsetsereka. Koma mu Juni unanyowa n'kumakakamira, ndipo Mayi Igarashi, podutsa ndi dengu la mabotolo, anaona kuti m'kati mwa kasupuniko mwabiriwira ngati denga la mkuwa la kachisi wa kwawo. Munthu amene anathera moyo wake wonse pa mkuwa, amene ankabweza ophunzira pakhomo chifukwa cha ndolo za mkuwa, mkuwa wa m'dzanja lake sankauona. Kwa iye sunali mkuwa. Anali aphunzitsi ake.

Pa nthawi ya tiyi Mayi Igarashi anamuuza Dokotala Nagasaka. Mtsikanayo anagwira pakamwa, kenako anayamba kuseka misozi ili mbwembwembwe.

“Ndiye kawauzeni, Adokotala,” anatero Mayi Igarashi.

“Udokotala wake uti, Amayi? Ulusi wanga womwe sundimvera. Ndiye kalata yondipezera ntchito adzalemba ndani, ndikawauza kuti malemu ndi amene akuipitsa madzi? Kawauzeni inuyo, ndinu aakulu.”

“Ukulu wa pa sinki.”

“Kapena tingokaba.”

“Akasowa kasupuni adzayambira kufunsa yani?”

Nagasaka anangomwa tiyi wake.

Mayi Igarashi anadikira. Mvula inakata, nyenje zinayamba kulira m'mitengo ya pabwalo. Mu Ogasiti, nthawi imene anthu amabwerera kwawo kukasesa manda ndi kukumbukira akufa, anakwera basi kupita kumudzi. Anasesa manda a amuna awo, kenako anakapeza mlamu wawo, kalipentala, namupempha kabokosi ka mtengo wopepuka kokhala ndi galasi kutsogolo ndi kansalu kofiirira m'kati.

Atabwerako anagogoda paofesi ya a Pulofesa. Anawerama kwambiri, napepesa chifukwa cha mabotolo, nalonjeza kuti kuyambira tsopano azitsukuluza kakhumi. Ataweramuka anaika mphatso ija patebulo.

“Aphunzitsi, mundikhululukire kulowerera. Zimandipweteka mtima kuona kasupuni ka malemu kakugwira ntchito ngati chida wamba. Kakutha. Bwanji katakhala poonekera, ana azikaona polowa.”

A Pulofesa anavula magalasi, napukuta m'maso. Anati pa ophunzira onse amene anawaphunzitsa palibe ndi mmodzi yemwe amene anaganizapo zimenezi. Tsiku lomwelo anakhomera okha kabokosiko pakhoma, kasupuni kali m'kati. Lolemba lotsatira anapeza pambali pa sikelo timasupuni ta pulasitiki toyera, ndipo sanafunse kuti waika ndani.

Ulusi unayamba kumvera. Akathira mkuwa unkadula, akapanda kuthira unkagona. Masamba atafiira m'mapiri, Nagasaka anali atalemba zimene wapeza, dzina la a Pulofesa lili kumapeto monga mwa mwambo. Chipale chitayamba kusungunuka, Mayi Igarashi anaitanidwa kukasaina chaka china. A Pulofesa anawayamikira chifukwa chovomera kulakwa pa msinkhu wawo, ndipo anati kutsukuluza kakhumi kukhale lamulo, popeza kwaonetsa zipatso. Madzi a mu Malichi amaluma. Zala za mayiwa zinang'ambika, nazikulunga ndi pulasitala.

Mu Epulo mitengo ya pabwalo inachita maluwa, ndipo kunabwera ophunzira atsopano asanu ndi mmodzi. A Pulofesa anawaimika pa sinki, nawafotokozera mmene botolo losatsuka bwino linatsala pang'ono kuwononga ntchito ya zaka ziwiri, ndi mmene wolakwayo anasinthira. Nagasaka anayamba kutsokomola, natuluka panja. Ophunzirawo anatembenukira kwa Mayi Igarashi mwaulemu. Mayiwo anatseka mpopi, napukuta manja, nawerama.